Sikirini ya Che Mdoka

Che Mdoka anafika dzuwa lili paliwombo,
laputopu ataikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba,
ataimanga pa kaliyala ndi mphira wa chubu.
Kuchokera ku Mpondasi anapalasa okha
mpaka pa kontena yanga kuseri kwa msika,
pomwe malata amawotcha mutu ngati chiwaya.

"Yada," anatero. "Kale inkawala. Lero yada."

Yolemera ngati njerwa ziwiri zowotcha.
Batani la E linathothoka kalekale,
la A linafufutika ndi chala chimodzi chomwecho
chimene chalembera anthu makalata zaka khumi:
a malire a munda, a penshoni yochedwa,
a mwana amene anapita ku Joni osatumiza mawu.

Ndinayatsa. Fani inatsokomola, kenako n'kung'ung'udza.
Moyo ulimo. Nkhope yokha ili bii.

Ndinachotsa batire, ndinazula chaja,
n'kukanikiza batani mpaka kuwerenga makumi atatu.
Palibe.
Ndinakweza kuwala mpaka kumapeto.
Palibe.
Ndinatenga chingwe cha mutu wabuluu,
n'kulumikiza ku sikirini yanga ya patebulo,
ndipo kalata inatulukira, yosamaliza,
itaima pa mawu oti "Ine wanu wodandaula."

Ndiye kuti ubongo uli bwino, ndinawauza.
Anagwedeza mutu ngati ndikunena za iwo.

Ndinatseka chitseko cha kontena, mukhale mdima,
n'kuunika ndi tochi ya foni chapambali pa galasi.
Ndi izo: zilembo zili momwemo, zozimiririka,
ngati usipa pansi pa madzi a matope.
Chithunzi sichinachoke. Chachoka ndi kuwala.

Ndinapinda chivindikiro pang'onopang'ono.
Pakati penipeni chinaphethira,
mizere yobiriwira, ina yofiirira, kenako zii.
Masikuluu asanu ndi atatu, limodzi lokana,
fumbi la chilimwe zingapo, phiko la ngumbi louma,
ndipo pa hinje, pomwe imapindikira tsiku ndi tsiku,
waya wowonda ngati tsitsi atapekesedwa.
Kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka:
chinthu chimathera pomwe chimagwadira.

Azana inamveka. Anavala kofiya bwinobwino napita.
Ine ndinafukula m'katoni ya mitembo,
malaputopu akufa amene ndinagula ku Limbe,
wachitatu anali ndi waya wofanana.
Thukuta linkadontha pa kiyibodi.
Magetsi, mwamwayi, sanathawe.

Atabwerako, sikirini inali mbee,
yowala mpaka wa kabaza anasuzumira pakhomo.
"Taonani, Che Mdoka."

Anawerama. Anasendeza mpando. Anaweramanso,
mphuno pafupi kukhudza galasi.
"Yayesako, mwanangu. Koma utsi ukadalipo.
Ngati wa m'ng'anjo yowambira nsomba.
Sungaupukute?"

Ndinapukuta, ngakhale panalibe choti ndipukute.
Kenako ndinawayang'ana, osati ngati kasitomala.
M'diso lamanzere, pakati pa kamwana ka diso,
kamtambo koyera kanali katakhala phee.
Lamanja nalo linali litayamba.

Tochi ndinali nayo m'manja.
Sindinaunike.

Ndinakulitsa zilembo mpaka mawu anayi adzaze mzere.
Anawerenga mokweza, "Ine wanu wodandaula,"
naseka, nati tsopano yachira.
Anawerenga ndalama pozipapasa m'mphepete.

Kuseri kwa lisiti ndinalemba ndi zilembo zazikulu:
chipatala cha boma, khomo la maso, mulawire.
Ndinati, zilembo zili momwemo, bambo,
sizinapite kulikonse.
Koma waya umenewo m'katoni yanga mulibe.

Anapinda lisiti kanayi, naliika m'kofiya.
Laputopu inabwerera m'chitenje,
mphira unazungulira kawiri.
Sanakwere. Anaikankha njinga m'mbali mwa msewu,
dzanja lina lili pamphumi,
kutchinga dzuwa limene ine ndinkaliona lonse.